N'chifukwa chiyani Johnny Hodges anachoka kwa Duke Ellington n'kubwereranso?

Mmodzi mwa awerengi wanditumizira imelo yofunsa kuti, ngati Duke Ellington ndi Johnny Hodges ankagwirizana kwambiri pa nyimbo za jazz, chinachotsa Hodges m'bandi mu 1951 n'chiyani, nanga chinamubweza n'chiyani. Zikomo kwambiri, bambo, chifukwa funso lanuli lakhudza oimba awiri amene ndimawalemekeza zedi.

Hodges analowa m'bandi ya Ellington mu 1928 ali mnyamata, ataphunzirako luso kwa Sidney Bechet, katswiri woimba saxophone, ndipo posakhalitsa anthu anayamba kuizindikira bandiyi akangomva saxophone yake ya alto. Kuti mumvetse ubale wawo, muyenera kudziwa kapekedwe ka Ellington. Iye akamalemba nyimbo ankakhala ndi woimba wina wake m'maganizo, ndipo pa Hodges ankaganizira luso lake lotsetsereka pang'onopang'ono kuchoka pa liwu lina kukafika pa linzake popanda kudukiza, kenako n'kukonza malipenga enawo kuti amuyalire mphasa. Billy Strayhorn, wopeka nyimbo amene anayamba kugwira ntchito ndi Ellington mu 1939, ankamulemberanso Hodges motero, ndipo nyimbo ya "Isfahan" ndi umboni wake. Chodabwitsa n'chakuti poimba nyimbo zokhudza mtima chonchi, Hodges ankangoima njo, nkhope ili duu, maso ali kumbali.

Komabe panali kusamvana pa nkhani ya ndalama. Zimasimbidwa kuti Hodges ankaona kuti timagawo ta nyimbo timene ankatulukira yekha tinkasanduka nyimbo zotchuka m'dzina la Ellington, moti nthawi zina ali pa siteji ankatikita zala zake moyang'ana bwana wakeyo, kusonyeza kuti akufuna gawo lake. Ine ndimaona kuti dandaulo lake linali lomveka, pakuti luso la woimba ndi chuma chimene mtsogoleri wa bandi amadyerapo.

Pochoka mu 1951 anatengana ndi Lawrence Brown woimba trombone komanso Sonny Greer woimba ng'oma. Bandi yake yaing'onoyo inatchuka ndi nyimbo ya "Castle Rock", ndipo John Coltrane, woimba saxophone wotchuka, anaimbamo kwa kanthawi. Koma utsogoleri uli ndi mtolo wake, monga kusaka malo oimbirako ndi kulipira anthu, ndipo ndikukhulupirira kuti chimene Hodges anachisowa kwambiri ndi anthu omulembera nyimbo zomuyenera. Naye Ellington zinthu sizinkamuyendera bwino m'zaka zimenezo. Hodges anabwerera mu 1955, ndipo chaka chotsatira, pa chikondwerero cha jazz cha ku Newport chimene chinadzutsanso mbiri ya bandiyi, anaimba "Jeep's Blues" mogometsa.

Sanachokenso mpaka pamene anamwalira ndi matenda a mtima pa 11 May 1970 ali kwa dokotala wa mano ku New York, bandi ili mkati mojambula chimbale cha New Orleans Suite. Pomulira, Ellington ananena kuti bandi yawo sidzamvekanso ngati kale. Ngati mukufuna kuwamva awiriwa bwinobwino popanda malipenga ambiri, yambani ndi chimbale cha Back to Back cha mu 1959, mmene Ellington akuimba piyano m'kagulu ka anthu 6 okha.