Fyuluta ya oyilo ya JCB 3CX: yalowa inde, koma ndi yakeyo?

Sabata yathayi ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena aku Salima. Ali ndi JCB 3CX yomwe anayitanitsa ku UK itagwirako kale ntchito, pano imakumba mafawundeshoni ndi kupakira mchenga m'malole. Akuti nthawi ya sevisi yakwana, fyuluta ya oyilo ya orijino ikudula komanso awauza kuti adikire ibwere, ndiye mnyamata wa pashopu ina wawagulitsa ina yofanana kukula, ayesa kumanga yalowa bwinobwino. Akufunsa kuti kodi angoisiya yomweyo? Ngati ayi, yolowa m'malo mwa ya orijino angaipeze bwanji?

Achimwene zikomo polemba, koma chonde injiniyo musailize kaye mpaka muwerenge izi. Kugula fyuluta yosakhala ya JCB palibe vuto olo pang'ono, ine ndemwe ndimamanga za Donaldson ndi Fleetguard kawirikawiri ndipo mtima umakhala m'malo. Baldwin, MANN, WIX, GUD ya ku South Africa, onsewa ndi makampani odziwika pa ntchito yopanga mafyuluta. Chomwe chandidetsa nkhawa mu imelo yanu ndi mawu oti "yalowa", chifukwa mafyuluta oti angalowe pa injini yanuyo alipo ambirimbiri koma oyenera kukhalapo ndi ochepa.

Simunandiuze kuti muli injini yanji, ndipo poyambira ndi pomwepo. Dzina loti 3CX palokha silithandiza kwenikweni. Ma 3CX akale ambiri ali ndi injini ya Perkins, pomwe kuyambira mu 2004 a JCB anayamba kupanga injini zawozawo, ija ya 444 yomwe imatchedwa Dieselmax, ndipo mafyuluta a ziwirizi ndi osiyana. Komanso makina ogula kwa munthu sudziwa kuti anadutsa m'manja mwa ndani, mwina mwini wake woyamba anasinthapo injini. Ndiye tengani kansanza ndi dizilo pang'ono, pukutani m'mbali mwa buloko mupeze kapuleti ka nambala ya injini, muijambule pa foni. Ikakhala Perkins nambalayo imayamba ndi zilembo ziwiri zomwe zimanena mtundu wake, LD ndi 4.236, AA ndi 1004-4, AB ndi 1004-4T ya turbo ija. Nambala yosindikizidwa pa fyuluta yakale muilembenso koma musaikhulupirire yokha, mwina amene anasevisa komaliza nayenso anangomanga yomwe inalowa.

Mukadziwa injini, pezani nambala ya orijino m'buku la masipeya kapena funsani kwa dila, kufunsa nambala salipiritsa. Pa Perkins zamasilinda anayi zakalezo mumakumana kwambiri ndi 2654403 kapena 2654407, yachiwiriyi ndi yayitaliko. Pa injini ya JCB 444 nambala yodziwika ndi 320/04133. Kenako lowani pa intaneti pa tsamba la Donaldson kapena Fleetguard, pali malo olembapo nambala ya kampani ina iwo nkukupatsani yawo. Mwachitsanzo 2654407 imakupatsani P554407 kwa Donaldson ndi LF699 kwa Fleetguard, 2654403 imapereka P554403 ndi LF701. Ine ndimayang'ana m'makatalogi awiri osiyana, kenako ndimabwerera chambuyo, kulemba nambala ya Fleetguard ija ndione ngati ikundibwezera ku nambala ya Perkins yomwe ndinayambira. Zikagwirizana ndiye ndimapita kushopu nditalemba manambala atatu kapena anayi papepala, osati kunyamula fyuluta yakale m'jumbo nkumafananiza ndi maso pa kauntala.

Tsopano ija mwamanga kale ija. Choyamba chomwe chimandiopsa ndi mazinga, ma thread aja. Mafyuluta a Perkins ndatchulawa ali ndi mazinga a 3/4-16, muyezo wa mainchesi, pomwe magalimoto ambiri aku Japan amagwiritsa M20 x 1.5. Inchesi 3/4 ndi mamilimita 19.05, ndiye kusiyana kwake ndi M20 sikukwana ndi milimita imodzi yomwe. Fyuluta ya M20 imazungulira ndithu pa chitsulo cha 3/4, imaoneka ngati yagwira, koma yangogwira nsonga za mazinga basi. Ndinaziona ndi maso anga pa thirakitala ina kumunda, inalira bwino m'mawa, itayamba kukoka pulawo fyuluta inafwamphuka oyilo yense pansi, dalaivala pomwe amazindikira kuti kagetsi kofiira kayaka injini inali itanoka kale. Mwini wake anagulitsa ng'ombe kuti agule crankshaft ndi ma bearing, ndipo mvula yoyamba inamudutsa munda usanalimidwe. Mukamamanga muzimvetsera ndi dzanja, ikamagwedera pa mazinga isanafike kumapeto imeneyo si yake.

Raba ya pakamwa nayo muiyeze, ikhale yofanana ndi ya orijino mkati ndi kunja komwe, chifukwa ikalakwika pang'ono imakhala m'mphepete mwa chitsulo nkumadontha pulesha ikakwera.

Koma nkhani yaikulu ili mkati momwe maso saona. Muli kavavu kotchedwa bypass, ntchito yake ndi kutseguka pepala losefa likatsekeka ndi zinyalala kapena oyilo akakhala wolimba m'mawa kukuzizira, kuti injini ilandirebe oyilo ngakhale wosasefa kusiyana nkukhala youma. Kavavu kameneka kamatseguka pa pulesha yomwe opanga injini anaiwerengera. Kakamatseguka msanga oyilo wakuda amangozungulira tsiku lonse fyuluta ili pomwepo ngati chokongoletsa, kakamachedwa ma bearing ndi turbo zimasowa oyilo. Ndiye pali injini zina, monga za Caterpillar zomwe zimamanga 1R-0739, zoti vavuyo ali pa chitsulo chomangirapo fyuluta, m'fyuluta mwenimwenimo mulibe. Tangoganizani munthu watenga fyuluta yopanda bypass ngati imeneyo nkuika pa injini yomwe imadalira kuti vavu ali m'fyuluta, tsiku lomwe idzatsekeke oyilo alibe kodzera. Palinso karaba kena kamene kamaletsa oyilo kubwerera pansi injini ikazima, kofunika kwambiri fyuluta ikakhala yogona chammbali kapena yozondoka, pakamwa pake patayang'ana pansi, apo ayi m'mawa uliwonse injini imayamba kuzungulira youma kwa kanthawi. Zonsezi zimalembedwa pa tsamba la kampani mukatsegula nambala ya fyulutayo, mazinga, kukula kwa raba, bypass ilipo kapena ayi ndi pulesha yake. Fyuluta yoti nambala yake simukuipeza m'katalogi iliyonse ine sindingaiyike pa makina a ndalama zambiri chonchi.

Za ma micron ndinenepo pang'ono poti ogulitsa amakonda kutchula. Tsitsi la munthu ndi pafupifupi ma micron 70, ndipo tizinyalala tomwe timadya injini ndi tating'ono kuposa pamenepo. Koma kungolemba kuti 20 micron pa katoni sikunena kanthu, funso nkuti pa tizinyalala ta kukula kumeneko imagwira tingati, theka lokha kapena 99 pa 100 iliyonse? Makampani odalirika amalemba zonse ziwiri ndipo amayesa potsata muyezo woyesera mafyuluta a oyilo wotchedwa ISO 4548-12. Komanso musatengeke kuti nambala yaing'ono ndiye yabwino nthawi zonse. Fyuluta ya dizilo imasefa mosalala kwambiri ndipo ina imafanana thupi ndi ya oyilo, koma oyilo wa injini monga 15W-40 ndi wolemera sangadutsemo mokwanira. Ya hydraulic nayo ndi nkhani ina, isasokonezedwe ndi ya injini ngakhale zitafanana bwanji.

Vuto lina lomwe tili nalo kuno ndi feki. Katoni yalembedwa dzina lalikulu, penti yake yomweyo, mtengo wotsika modabwitsa. Inyamuleni m'manja, feki nthawi zambiri imapepuka, zilembo zimafufutika mukapala ndi chikhadabo, mazinga amakhala okhakhala ndipo mukasuzumira mkati mumaona guluu wotayikira kapena dzimbiri. Kuli bwino kugula ya kampani yotchipirapo koma yeniyeni, monga Sakura, kusiyana ndi yonamizira dzina lodula. Funsani wogulitsa kuti amaoda kuti ndipo akupatseni lisiti lolembapo nambala ya fyulutayo. Ndipo mukachotsa yakale muziidula ndi chodulira mapaipi, osati sowo poti imasiya unga wachitsulo nkukusokonezani, mutambasule pepala padzuwa. Mumaona nokha kuchuluka kwa pepala lomwe anaikamo, komanso ngati muli tizitsulo tonyezimira mumadziwiratu kuti ma bearing ayamba kudyeka.

Makina akakhala atsopano akadali pa waranti, pitirizani kugula za kwa dila mpaka ithe, mungadzakangane nawo pachabe. Anuwa ndi akale ndiye muli omasuka. Maola osinthira tsatirani buku la injini yanu, zambiri zimakhala pa 250 kapena 500, koma ndi fumbi la mu Okutobala ku Salima kuja komanso ntchito ya mchenga ine ndingatsamire ku nambala yaing'onoyo, ndipo fyuluta ya mpweya muziiyang'ana pafupipafupi chifukwa mchenga wambiri wopezeka mu oyilo umalowera kumeneko.

Ndiye chitani chonchi achimwene, masulani yomwe mwamangayo muwerenge nambala yake, muifufuze m'katalogi muone ngati ikubwerera ku nambala ya fyuluta ya orijino ya injini yanu. Ikabwerera imangeninso, pakani kaoyilo pa raba, onetsetsani kuti raba yakale sinatsalire pa chitsulo, mangani ndi dzanja mpaka raba igunde kenako muwonjezere monga alembera pa thupi lake, osati ndi spana. Lizani injini mphindi zochepa mukuyang'ana ngati pakudontha, zimitsani muyezenso oyilo. Ikapanda kubwerera kaibwezeni kushopu isanalowe oyilo. Nditumizireni chithunzi cha kapuleti ka injini ndi nambala ya fyulutayo, tiyang'anire limodzi.