Diresi la agogo ndi la chaka chanji? Musathamangire kwa telala

Mayi wina amene amawerenga zolemba zangazi wanditumizira imelo. Wapeza diresi la malemu agogo ake pansi pa sutikesi. Lili ndi zipi yachitsulo m'mbali, ndipo pa kalebulo ka pakhosi palembedwa kuti Made in West Germany. Abale ake akuti ndi la m'ma 1940, ndiye akufuna kudziwa ngati ndi zoona. Kumapeto kwa imeloyo wawonjezera kuti akuganiza zodula kalebuloko chifukwa kamamukanda, asinthitsenso zipi kwa telala kuti azilivala.

Mayi, mawu omalizawo ndi amene andikhazika pansi kuti ndilembe. Chonde, sizasi ija iikeni kaye patali.

Ine mayi anga anandisiyira jekete ya ubweya wa nkhosa, yolemera, ya mabatani akuluakulu. Nsalu ya m'kati inali itang'ambika pang'ono kukhwapa, basi. Ndinapita nayo kwa telala wina waluso ndithu, n'kumuuza kuti angosoka pong'ambikapo. Nditapita kukaitenga anandilandira akumwetulira, ati waikonza yonse. Mabatani akale anawachotsa chifukwa limodzi linali losweka m'mphepete, n'kuikapo apulasitiki onyezimira. Nsalu yonse ya m'kati anaisintha, kalebulo kanapita nayo limodzi. Misoko anaidutsitsa pa makina a ovaloko kuti isasosoke. Nditafunsa za mabataniwo anandiuza kuti anataya kale ndi zinyalala. Munthuyo sanachite mwankhanza, ankaona ngati akundithandiza. Koma ndinafika kunyumba n'kukhala pabedi jekete ili pamiyendo, misozi ikutsika. Kunja inkaoneka yomweyo, koma chilichonse chimene chikanandiuza kumene inasokedwa, nthawi imene mayi anaipeza, ngakhale kaulusi kofiira kamene iwo anasokera batani lina ndi manja awo, zonse zinali zitapita. Mpaka lero ndimaivala, koma ikandifika pamapewa mtima umandiwawabe.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kutembenuza chovala chilichonse chakale chimene ndagwira. Ndipo ndikunena mosabisa: amene amakuuzani zaka za chovala pongoyang'ana kasokedwe ka kunja akungolota. Masitayilo amabwerera. Mapewa otukuka aja anali m'fasho m'ma 1940, anabweranso mwamphamvu m'ma 1980. Madiresi ambiri a m'ma 1970 ankatsanzira a m'ma 1930. Umboni weniweni uli m'kati, kumene wosoka sankayembekezera kuti wina adzayang'anako.

N'chifukwa chake zimandipweteka kuona ogulitsa pa intaneti akulemba kuti vintage pa chilichonse chofwifwa. Ochita malonda amenewa amagwirizana kuti chovala chimatchedwa choncho chikapitirira zaka 20, ndipo chikafika zaka 100 ndiye antique. Koma wina angotenga bulauzi ya poliyesitala n'kunena kuti ndi ya m'ma 1930, pamene ulusi wa poliyesitala anaupanga koyamba ku Britain mu 1941, ndipo unayamba kupezeka m'zovala m'ma 1950. Nayiloni anaitulukira a kampani ya DuPont, ndipo masokosi aatali a amayi a nayiloni anayamba kugulitsidwa ponseponse ku America mu 1940. Ulusi wotanuka uja wa Lycra ndi wa 1958. Velcro, timalamba tomatirira tija totsekera nsapato ndi zikwama, anailembetsa George de Mestral m'ma 1950. Chovala sichingakhale chakale kuposa ulusi umene unachiluka, monga mwana sangabadwe mayi ake asanabadwe. Wogulitsa amene sadziwa zimenezi aphunzire, amene akudziwa n'kumanamabe ndi wakuba.

Pa majinzi ndiye pali chinyengo chambiri. Kansalu kofiira ka pathumba la Levi's kanayamba mu 1936, ndipo mpaka 1971 dzinalo linkalembedwa ndi E wamkulu. Anthu atadziwa kuti jinzi ya E wamkulu imagulidwa modula, ena anayamba kusokerera kansaluko pa majinzi atsopano. Kampani yeniyeniyonso imapanga majinzi otsanzira akale. Ndiye chizindikiro chimodzi sichikwanira, pamafunika zitatu kapena zinayi zonena chimodzimodzi. Zitenje nazo zimapusitsa mwanjira ina. Kampani ngati Vlisco ya ku Helmond ku Netherlands, imene inayamba mu 1846, imasindikiza maluwa omwewo kwa zaka makumimakumi, moti kuzindikira maluwa sikukuuzani chaka. Yang'anani zolembedwa m'mphepete mwa nsalu, kumene kumakhala dzina la kampani ndi nambala. Telala akadula mphepeteyo, mboni yapita.

Zoyang'ana mukalitembenuza

Yambani ndi dzina la dziko, chifukwa mayiko amabadwa ndi kutha. Czechoslovakia inatha kumapeto kwa 1992, USSR mu 1991, Ceylon inasanduka Sri Lanka mu 1972, Zaire inalipo kuyambira 1971 mpaka 1997. Ku Britain, zovala zambiri za nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse zinkakhala ndi chizindikiro cha CC41, chimene chinagwira ntchito kuyambira 1941 mpaka 1952. Chizindikiro cha Woolmark cha pa zovala zaubweya chinayamba mu 1964. Timalebulo tonena za kachapidwe tinabwera mochedwa: ku Ulaya bungwe loona za tizithunzi ta beseni ndi simbi tija linakhazikitsidwa mu 1963, ndipo ku America lamulo lokakamiza kuika malangizo a kachapidwe linayamba kugwira ntchito mu 1972. Kusowa kwa kalebulo kotere kumaloza kale, koma kumbukirani kuti alipo anthu ambiri odula malebulo, ndipo chosokedwa pakhomo sichikhala nako n'komwe.

Kenako zipi. Madiresi anayamba kukhala ndi zipi m'ma 1930, ndipo kwa zaka zambiri inkakhala yachitsulo, yaifupi, yoikidwa m'mbali pansi pa khwapa. Chakumapeto kwa m'ma 1950 inayamba kusamukira kumsana, ndipo m'ma 1960 zipi za nayiloni zinayamba kulanda malo. Pa kachitsulo kokokera pamakhala dzina, monga Talon kapena YKK. Onaninso ulusi umene unasokera zipiyo. Ukasiyana mtundu ndi wa misoko ina, kapena mukaona timabowo ta singano pambali, ndiye kuti zipiyo inaikidwa pambuyo pake ndipo ikunena za tsiku limene diresi linakonzedwa, osati limene linasokedwa.

Misoko ndimaikonda kuposa zonse, chifukwa imaonetsa dzanja la munthu. M'mphepete modulidwa ngati mano a sowo, kapena mopindidwa n'kusokedwa ndi manja, ndi nsalu yambiri yosiyidwa m'kati kuti mwini akanenepa aliwonjezere, ndi kasokedwe kofala m'zovala za chaka cha 1960 chisanafike. Ovaloko inafala m'mafakitale pambuyo pake, ngakhale makinawo analipo kale. Nambala ya saizi musaikhulupirire, chifukwa saizi 14 ya m'ma 1950 ndi yaing'ono kwambiri poyerekeza ndi 14 ya lero. Mukafuna kudziwa mtundu wa ulusi, sololani kaulusi kamodzi m'kati mwa msoko n'kukayatsa pa mbale: thonje limanunkha ngati pepala lopsa n'kusiya phulusa lofewa, ubweya ndi siliki zimanunkha ngati tsitsi, poliyesitala imasungunuka n'kuuma kukhala kampira kolimba. Kaulusi kamodzi kokha, osati chidutswa cha diresi.

Tsono za diresi lanu, mayi. Dziko la West Germany linakhazikitsidwa mu 1949 n'kutha mu 1990, choncho diresilo silingakhale la chaka cha 1949 chisanafike, ndipo mwina abale anu aphonya. Zipi yachitsulo ya m'mbali, ngati ndi yoyambirira, ikulikokera ku zaka za m'ma 1950 kapena kumayambiriro kwa m'ma 1960. Onani misoko ndi ulusi kuti mutsimikize, ndipo funsani achikulire a m'banja mwanu ngati pali chithunzi chimene agogo analivala. Kalebulo kakamakukandani, sokererani kansalu kofewa pamwamba pake. Zipi ikamalimba, ipakeni kandulo pang'ono m'mano mwake. Musaliponye m'makina ochapira. Yesani kaye kadontho ka madzi pamalo obisika kuti muone ngati utoto ukusuluka, ndipo muliyanike chogoneka pamthunzi. Ngati pali pofunika telala, jambulani kaye m'kati monse ndi foni, mumuuze malo enieni oti asoke, ndipo mumupemphe kuti chilichonse chimene wachotsa, ngakhale batani losweka, akubwezereni m'manja.