Kodi mwayi ukulowa bwanji m'masamu a ma spline?

Funso: Akonzi, ndikuphunzira masamu kuno ku Zomba, ndipo tafika pa ma spline, mizere yokhota yolumikizidwa zidutswazidutswa kuti iyandikire function imene tikuifuna. Ndadabwa kuona akatswiri akugwiritsa ntchito masamu a mwayi, amene timawatcha probability, poyeza kulondola kwa mizereyi. Kodi mwayi ukubwera bwanji pamene palibe chochitika mwangozi? Ndine wophunzira wa ku Chinamwali.

Yankho: N'zoona, palibe amene akuchita maere pano, koma manambala ake ali ndi khalidwe la mwayi. Tiyerekeze kuti mumayeza kuya kwa nyanja ya Chilwa pa tsiku loyamba la mwezi uliwonse, ndipo mukufuna kudziwa kuya kwake pa 20 Malichi. Njira imene Isaac Schoenberg anaikhazikitsa pogwiritsa ntchito ma B-spline, timizere tokhota tomwe ma spline amamangidwa nato, imatenga miyeso yoyandikana ndi tsikulo n'kupatsa muyeso uliwonse gawo lake, woyandikira kwambiri gawo lalikulu. Magawowa satsika kupitirira 0, ndipo mukawaphatikiza amakwana 1 ndendende, monga momwe mwayi umakhalira. Choncho yankho la spline ndi avereji ya miyesoyo, ndipo kukula kwa cholakwa, kutanthauza kusiyana kwa yankholo ndi kuya kwenikweni, kumadalira kumwazikana kwa magawowo, kumene m'kalasi mumakutcha variance.

Nzeruyi inaonekera bwino mu 1912, pamene Sergei Bernstein anatsimikizira mfundo ya Karl Weierstrass ya mu 1885, yoti function iliyonse yosadukiza pakati pa malire awiri ikhoza kuyandikiridwa ndi ma polynomial (masamu ophatikiza x, x², x³ ndi ena otero), mwa njira yofanana ndi kuponya kobili m'mwamba kokwana n, mwayi woti igwe chakumutu uli x. Yesani nokha pa function ya x², chifukwa ndi pamene ine ndinaimvetsetsa nkhaniyi: cholakwa chimatuluka x(1−x)/n, yomwe ndi variance yeniyeniyo ya gawo la maulendo amene kobili yagwa chakumutu. Ngati x ndi 0.5 ndipo n ndi 100, cholakwacho ndi 0.0025, ndipo kuti chitsike ndi theka muyenera kuwirikiza n kawiri. Spline imachita bwino kuposa apa, pakuti ngati function ili yosalala, kuchepetsa ndi theka mpata wa pakati pa miyeso kumatsitsa cholakwa kufika pafupifupi pa gawo limodzi mwa magawo anayi.

Chimene chimandikondweretsa kwambiri n'chakuti B-spline ya digiri 3 (yomwe zidutswa zake zimafika pa x³) ndi chithunzi cha mwayi wa zotsatira mukaphatikiza manambala anayi osankhidwa mwachisawawa pakati pa 0 ndi 1, ndipo digiri ikamakwera, imanka nifanana ndi mzere wooneka ngati belu uja wa Gauss.

Koma chenjerani ndi chinthu chimodzi. Popeza spline ya mtunduwu ndi avereji, singatsike kupitirira muyeso wotsikitsitsa, ndipo kawirikawiri sidutsa ndendende pa miyeso yanu. M'chaka ngati cha 1995, pamene Chilwa inauma, mzere wanu ukhoza kusonyeza madzi pang'ono m'mwezi umene asodzi ankayenda pouma.