Mtsutso wa zipembedzo unathera m'mkangano: tsopano tiyambire pati?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa wophunzira wa chaka chachitatu amene anzake anamusankha kukhala m'komiti yoona za umodzi pa yunivesite yawo. Tayifupikitsa motere: "Semesita yatha tinakonza mtsutso pakati pa magulu a zipembedzo. Holo inadzaza, koma zinathera m'kukuwizana, moti magulu awiri mpaka lero sapatsana moni. Kenako tinachita tsiku la zikhalidwe. Anthu anavina, anajambulitsa, n'kubalalika. Palibe chasintha. Akuluakulu a sukulu akufuna pulogalamu ina. Tiyambire pati?"

Zikomo polemba. Tiyambe ndi mtsutsowo, poti vuto silinali khalidwe la ophunzira anzanu ayi. Mtsutso cholinga chake n'chakuti wina apambane, wina agonje. Mukakweza Mkhristu ndi Msilamu pa nsanja, aliyense ali ndi gulu lake lomuwombera m'manja, palibe angayerekeze kunena kuti "zimenezo sindinkazidziwa, tandiuzani zambiri", chifukwa akatsika anzake amuuza kuti wawagulitsa. Walira mvula walira matope: munaitana mpikisano, ndipo unabwera ndi zake zomwe. Tsiku la zikhalidwe lilibe choipa, kungoti ndi chionetsero. Munthu amaonera magule a anzake ngati akuonera mpira, n'kubwerera kuhositelo ndi maganizo omwe aja.

Akatswiri anayamba kalekale kuifufuza nkhaniyi. Mu 1954 Gordon Allport wa ku yunivesite ya Harvard ku America analongosola kuti kukumana kwa magulu kumachepetsa tsankho makamaka pakakhala zinthu zinayi: anthuwo akumane ngati ofanana, akhale ndi cholinga chimodzi, azidalirana pochikwaniritsa, ndipo akuluakulu a pamalopo avomereze poyera. Chaka chomwecho Muzafer Sherif anatengera anyamata 22 kumsasa wa ku Robbers Cave, ku Oklahoma m'dziko la America, nawagawa pawiri n'kuwapikisanitsa mpaka anadana. Atawasonkhanitsa kuti adye limodzi, anayamba kugendana ndi chakudyacho. Chimene chinathetsa udaniwo ndi mavuto amene gulu limodzi silikanawatha palokha: madzi atasiya kutuluka anafufuza limodzi pomwe pavuta, galimoto yokatenga chakudya itakana kulira anaikoka limodzi ndi chingwe. Mu 2006 Thomas Pettigrew ndi Linda Tropp anaunika kafukufuku 515 wa nkhani yomweyi, napeza kuti kukumana kumathandizadi, ndipo kumathandiza kwambiri mfundo za Allport zija zikatsatidwa.

Ndiye yankho lathu lalifupi ndi ili: siyani kusaka chochitika chimodzi chachikulu chodzaza holo. Sakani ntchito yaing'ono yoti anthu omwewo azikumanirapo mobwerezabwereza.

Koma musakonze zonse nokha kenako n'kutumiza makalata oitana. Anthu amazindikira msanga akaitanidwa kudzangodzaza mipando. Komiti ikhale ya anthu 8 mpaka 10, ndipo gulu lililonse lisankhe lokha womutuma, osati inu kukatola mnzanu amene mumacheza naye kale. Gulu lalikulu kwambiri pasukulupo lisapose mipando iwiri. Mukhale akazi ndi amuna, wophunzira wa ulumali, wochokera kunja kwa dziko, komanso mmodzi wosapembedza, amene makomiti ambiri amamuiwala. Upampando muzisinthana. Muzikumana m'kalasi wamba, osati m'nyumba yopemphereramo ya gulu lina, chifukwa kumeneko ena amakhala eni nyumba, ena alendo.

Pa msonkhano woyamba musakambe za ziphunzitso. Jambulani pa bolodi masiku 7 a sabata, aliyense adule nthawi imene sangabwere. Muona kuti Lachisanu masana Asilamu ali ku swala. Kuyambira kulowa kwa dzuwa Lachisanu mpaka kulowa kwa dzuwa Loweruka ndi Sabata la a Adventist ndi Ayuda osunga chilamulo. Lamulungu m'mawa Akhristu ambiri ali kutchalitchi. Chotsala kawirikawiri ndi madzulo a Lolemba mpaka Lachinayi, ndi Lamulungu masana. Ngati pulogalamu ipitirira mpaka dzuwa kulowa, ikani mphindi 15 zopumira pomwepo, chifukwa swala ya Maghrib nthawi yake ndi yaifupi. Mukapanda kutero Asilamu atuluka pakati pa zokambirana, ena n'kumati anyanyala. Musakopere masiku a chaka chatha. Chaka cha Chisilamu chili ndi masiku 354 kapena 355, choncho Ramadani imafulumira ndi masiku 10 kapena 11 chaka chilichonse, ndipo Pasaka nayenso amasuntha pakati pa March ndi April. Masabata awiri oyandikira mayeso muwasiye, sikubwera munthu. Mapulogalamu ambiri otere amafera pa kalendala, osati pa chiphunzitso.

Ntchito yogwirira limodzi isankhidwe ndi komiti yonse. Kuphunzitsa masamu ana a sukulu yoyandikira kumatheka, kubzala mitengo n'kumaithirira kumathekanso. Kupereka magazi ndi ntchito yabwino, koma pali ena chikhulupiriro chawo sichilola, ndiye isakhale yokhayo. Imene ife timaikonda ndi kuyendera nyumba zonse za sukulu ndi tepi yoyezera, motsogozedwa ndi ophunzira a ulumali, kulemba paliponse pamene njinga ya olumala singadutse, n'kukapereka lipoti kwa akuluakulu. Imeneyi imamanga mfundo ziwiri nthawi imodzi, ndipo amene nthawi zambiri amaonedwa ngati ofuna thandizo ndiwo amakhala akatswiri. Timagulu tikhale ta anthu 5 kapena 6. Musalole anthu kusankha okha kagulu, apita kwa anzawo. Awerengetseni 1 mpaka 6, ofanana nambala akhale pamodzi, ndipo kaguluko kasasinthe kwa masabata osachepera 6. Sabata yoyamba anthu amangopatsana ulemu wa alendo. Kuseka kwenikweni ndi mafunso enieni zimayamba cha m'sabata yachitatu kapena yachinayi, ndiye mukamasakaniza anthu mwatsopano nthawi zonse mumangobwereza sabata yoyamba.

Anthu akazolowerana, mpamene mungakhudze za chikhulupiriro chenicheni. Njira yodalirika ndi imene imatchedwa Scriptural Reasoning (kuwerenga ndi kukambirana limodzi mawu a m'mabuku opatulika), imene inayamba m'zaka za m'ma 1990 pakati pa akatswiri achiyuda, achikhristu ndi achisilamu, ena mwa iwo Peter Ochs wa ku University of Virginia ndi David Ford wa ku Cambridge. Mumasankha mutu umodzi, tinene kulandira mlendo, ngongole kapena kukhululuka. Chipembedzo chilichonse chimabweretsa ndime yaifupi ya m'buku lake, mizere yosaposa 10, ndipo zonse zimasindikizidwa pa pepala limodzi. Anthu 8 akhala mozungulira tebulo kwa mphindi 90. Mphindi 10 zoyamba ndi za mayina ndi malamulo. Kenako, ngati ndime zili zitatu, iliyonse ipatsidwe mphindi 25: mwini wake aiwerenge mokweza, afotokoze kwa mphindi zitatu zokha komwe yachokera, ndipo onse afunse. Zisanu zotsala aliyense anene liwu limodzi limene lamukhudza.

Luso lonse lili pa kafunsidwe. Wina akati, "Nanga bwanji inu mumakana kuti...", wotsogolera amubwezere pa pepala: "Tationetsani mzere umene mukufunsawo." Funso loyenera limamveka chonchi: "Liwu ili la mlendo likunena aliyense, kapena wa chipembedzo chanu yekha?" Woyankha aziti "mmene ine ndimamvera", osati "ife tonse timati", chifukwa Akhristu onse sagwirizana pa zonse, Asilamu chimodzimodzi. Cholinga si kugwirizana, ndipo wotsogolera asakakamize mawu aja akuti "basi tonse ndife amodzi". Opembedza mozama mawuwo amawamva ngati akuuzidwa kuti zimene amakhulupirira n'zopanda ntchito, ndipo sabweranso. Chinanso chaching'ono: mapepala olembedwa mawu opatulika musawaike pansi kapena kuwataya m'bini. Asilamu ndi Ayuda ambiri zimawapweteka kwambiri. Funsani eni ake mmene mungawasungire, kapena muwabwezere.

Za pemphero lotsegulira, apa mpamene makomiti ambiri amaterereka. Gulu lalikulu limangoyamba monga mwa chizolowezi, ena n'kuweramitsa mitu mwaulemu, mumtima akudziwa kuti msonkhanowu uli ndi eni ake. Kupeka pemphero limodzi losakaniza nakonso sikuthandiza, ambiri chikumbumtima chawo sichilola. Pa 27 October 1986 Papa Yohane Paulo Wachiwiri ataitana atsogoleri a zipembedzo ku Assisi, ku Italy, kudzapempherera mtendere, anasiyanitsa bwino kupemphera pamodzi ndi kukhala pamodzi kuti apemphere: chipembedzo chilichonse chinapemphera mwa njira yake. Inu yambani ndi mphindi imodzi ya chete, kapena muzisinthana sabata ndi sabata, mutanena poyera kuti enawo angomvetsera. Gulu lina likakana kubwera n'komwe, musalinyoze. Liitaneni ku ntchito yamanja ija, kumene kulibe mapemphero.

Kwa tsankho losakhudza chipembedzo pali njira ina imene inayambira ku Denmark mu 2000, pa chikondwerero cha Roskilde, yotchedwa Human Library, kutanthauza laibulale ya anthu. Munthu amene anthu amamuganizira zolakwika, monga wothawa kwawo, wosaona, kapena amene anadwalapo matenda a maganizo, amadzipereka kukhala "buku", ndipo anthu awiri kapena atatu amacheza naye kwa mphindi 30. Akhale wodzipereka yekha, akhale ndi ufulu wokana funso, ndipo asapose maulendo atatu pa tsiku, chifukwa kufotokoza zowawa zako mobwereza n'kotopetsa. Dzinalo lili ndi eni ake, ndiye pemphani chilolezo kapena mupeze lanu.

Chipinda nacho chimasankha obwera. Sitepe imodzi ya masentimita 15 imafuna chokwerera chotalika masentimita 180, potsata muyeso wa 1 pa 12. Thabwa lalifupi longotsamiritsa limagwetsa munthu chagada. Onaninso ngati chimbudzi chili pafupi ndipo njinga ingalowemo. Pulogalamu ikaposa ola limodzi pamafunika omasulira chinenero chamanja awiri osinthana pa mphindi 20 zilizonse, ndipo aime pamene pali kuwala, osati kutsogolo kwa windo. Sindikizani mapepala angapo ndi zilembo za saizi 18, ndipo osaona muwatumizire zolembazo pa foni kapena pa kompyuta kutatsala masiku awiri. Chithunzi cha chikalata choitanira anthu pa WhatsApp pulogalamu yowerengera osaona nthawi zambiri siichiwerenga bwino, ndiye lembaninso uthengawo m'mawu wamba. Ngati pali chakudya, pasakhale nkhumba kapena mowa, pakhale china chopanda nyama, ndipo mbale iliyonse ilembedwe zimene zilimo.

Zovuta zidzabwera ndithu. Padzakhala wina wobwera kudzalalikira. Musamuchititse manyazi, lamulo likhale lodziwika kuyambira pachiyambi kuti aliyense ali ndi mphindi ziwiri, ndipo sayankhulanso mpaka ena atatu atayankhula. Wosunga nthawi akhale wina, osati wotsogolera. Padzakhalanso chizolowezi chotembenukira kwa Mhindu mmodzi yekhayo kapena mlendo mmodzi yekhayo nthawi iliyonse nkhani ikakhudza anthu akwawo, ngati kuti iye ndi kazembe. Wotsogolera adule zimenezo msanga. Mafoni asajambule m'timagulu: kachidutswa ka masekondi 20 kodulidwa pakati kangathe kugumula ntchito ya semesita yonse usiku umodzi. Gwiritsani lamulo la Chatham House, loti zimene zanenedwa mungakazifotokoze kunja koma osatchula amene wanena. Abusa, ansembe ndi mashehe aitaneni kudzatsegulira ndi kudalitsa ntchitoyo, koma m'timagulu asakhalemo, poti ophunzira amangoti zii kudikira kuti akulu anene.

Magulu awiri osapatsana moni aja musawayanjanitse pa gulu. Tumani munthu amene onse amamulemekeza akaonane ndi atsogoleri awo padera, gulu lililonse palokha, amve chimene chinawapweteka, kenako awakumanitse anthu anayi okha. Ngati komiti yanu ndiyo inakonza mtsutso uja, yambani ndinu kupepesa.

Akuluakulu a sukulu adzafuna tsiku looneka ndi zithunzi, ndipo si kulakwa, poti kuvomereza kwawo ndi imodzi mwa mfundo zinayi za Allport zija. Apatseni tsikulo, koma likhale lotsekera ntchito ya masabata 6, pomwe timagulu tidzafotokoza zimene tachita. Masiku oti mukolowekepo alipo: sabata yoyamba ya February ndi ya mgwirizano wa zipembedzo, imene bungwe la United Nations linakhazikitsa mu 2010 potsatira pempho la Mfumu Abdullah II ya ku Jordan, 21 May ndi tsiku la kusiyana kwa zikhalidwe, 16 November la kulolerana, 3 December la anthu a ulumali. Mu lipoti musangolemba kuti kunabwera anthu angati. Lembani kuti mwa amene anayamba, ndi angati anafika sabata yachisanu ndi chimodzi, ndi magulu ati amene sanaoneke, ndipo atafunsidwa anati chiyani. Popeza inu muli chaka chachitatu, theka la komiti likhale la a chaka choyamba ndi chachiwiri, ndipo kalendala ija, malamulo a zokambirana ndi miyeso ya zipinda muziike m'faelo imodzi ku ofesi yoona za ophunzira musanalembe mayeso anu omaliza.