Asisi, ana amenewo musawalowetse mu Death House

Asisi chonde chonde, mwafunsa nkhani yoti muyambitse nayo azing'ono anu masewera a Dungeons & Dragons (D&D) pa holide, ndipo ndaona ena m'makomentimu akukuuzani kuti mutenge buku la Curse of Strahd, ati muyambe ndi ka Death House kaja, kankhani koyambira m'bukumo, poti nkakafupi, ine ndikuti iyayi. Azing'ono anu anayiwo sanagwirepo d20, dayisi ya mbali 20, m'manja chibadwire, holide yake ndi imodzi yomweyi, musawaponye m'menemo. Ndikulemba izi zala zikunjenjemera chifukwa zinandionekera ineyo, mpaka lero ndikakumbuka m'makutumu mumatentha.

Ife tinali asanu ku Kapata kunyumba kwa mnzanga, tonse atsopano. DM, woyendetsa masewera, anali msuweni wake wa mnzangayo, anabwera kuchokera ku Lusaka atasewera kale zaka zambiri, dzina sinditchula. Anafika ndi buku lake lachikuto cholimba, madayisi mu kathumba kakuda, ife maso onse pamenepo ngati ana aona ndege. Anatipatsa sabata yathunthu kuti aliyense apange karakita wake. Ine ndinayenda wapansi mpaka mtauni kukapulinta mapepala, ndinapanga wizadi wamkazi, mwana wamasiye woleredwa ndi agogo ake osing'anga, amene anapeza buku la matsenga pansi pa mphasa agogowo atamwalira. Ndinalemba mbiri yake masamba awiri mu kabuku ka sukulu, usiku, ndi tochi ya foni. HP yake, nambala ya moyo wake, inali 7. Palibe amene anandiuza kuti 7 ndi kanthu kochepa zedi, kuti wizadi pa levulo 1 amayamba ndi 6 kuonjezapo ka Constitution, kulimba kwa thupi, basi, ine ndimaona ngati ndi nambala chabe yolemba mu kabokosi. Iyeyo pepala langa analiona, analiwerenga, anangogwedeza mutu nkundibwezera.

Linali Loweruka m'dzinja, mvula inayamba masana, malaiti anapita kusanade. Tinayatsa kandulo pa sosala, pa tebulo pali mbale ya vitumbuwa ndi nshawa zokazinga. Ndipo poyamba zinakoma, sindinganame. Nkhungu yatseka msewu, ana awiri aimirira kutsogolo kwa nyumba yakale akulira, akuti m'nyumba mwawo muli chilombo, mng'ono wawo wakhanda watsala m'chipinda cha pamwamba. Ine mtima unagwidwa pomwepo, mwana wakhanda ali yekha! Ndinauza anzanga kuti tiyeni msanga, zofufuza makabati tizisiye. Tinakwera masitepe, pamwamba chovala chachitsulo chopanda munthu mkati chinatiukira, tinalimbana nacho movutikira mpaka chinagwa, ine ndinaponya magic missile yanga yoyamba ndipo anzanga anaomba m'manja. Ndinamva kukoma komwe sindinamvepo pa masewera ena alionse.

Kenaka tinafika m'chipinda cha mlezi wa mwana uja, mkati mwake muli kachitseko kena. Ndinati mwana ali umo, ndikutsegula. DM uja anandiyang'ana nkumwetulira, sanati watsimikiza, sanati m'chipindamu mwazizira mwadzidzidzi, sanapereke chizindikiro chilichonse. Anangoti mzukwa wa mlezi watulukira, ponyani initiative tione woyamba kumenya. Mzukwawo unayamba ndiwo. Anaponya d20 yake, anati wakugunda, nkutola madayisi atatu a d6, a mbali 6, nkuwaponya dala pakati pa tebulo pafupi ndi kandulo kuti tonse tione, ndikuwaonabe mpaka pano, 5, 4 ndi 3. 12. Ine ndili ndi 7. Ndinati chabwino ndagwa, koma ndinawerenga kuti munthu akagwa pamakhala ma death save, kuponya dayisi kuti asafe, mpata ulipo, mnzathu wa kileriki, wochiritsa, akhoza kundidzutsa. Iye akuti dikira, ponya Constitution save, uyenera kupeza 10. Dzanja lili thukuta lokhalokha, dayisi inagubuduka nkugunda mbale nkuima pa 6, kuonjezapo 1, 7. Anati basi, mzukwa umenewu ukakukhudza umachotsa pa HP yako yonse ya pamwamba, ikafika pa 0 palibe zodzuka, wafa. Choncho chabe. Ola limodzi lisanakwane.

Ndinafunsa kuti ndiye ndichite chiyani manje. Anatenga pepala langa, analitembenuza chafufumimba, nkuikapo mbale ya vitumbuwa pamwamba pake, ndipo anati safunsa anadya phula. Ena anaseka pang'ono koma kuseka kwamanyazi. Ndikanafunsa ndani? Ndikanafunsa chiyani? Iye yemweyo ndi amene anandiuza ndi pakamwa pa ana aja kuti khanda lili pamwamba, ine ndinachita zomwe nkhani yake inandipempha. Panja mvula ili pwata pwata, mdima, njinga palibe, kupita kunyumba sikukanatheka. Ndinakhala pa mpando womwewo maola atatu kuonerera anzanga, kandulo ikutha, misozi ndikuibweza ndi kumeza malovu poti ndine munthu wamkulu sindingalilire pepala. Pomaliza nditachotsa mbale ija ndinapeza mafuta alowa papepala, bwalo lalikulu pomwe panali dzina la wizadi wanga. Pepalalo ndikadali nalo.

Ndipo si ine ndekha ndinavulala. Kuchokera pamenepo anzanga anagwidwa mantha, palibe wofuna kukhudza chitseko, aliyense akuti yamba ndiwe, mtsikana wina yemwe poyamba amalankhula ndi mawu a karakita wake mosangalala anangoti zii mpaka kumapeto. Loweruka linalo awiri sanabwere. Gulu linathera pomwepo, ine ndinatha pafupifupi zaka ziwiri osafuna nkumva komwe za D&D.

Chomwe chimandiwawa nchakuti munthu uja amadziwa. Buku analiwerenga, amadziwa kuti kuseri kwa kachitseko kuli chinthu chomenya 3d6, madayisi atatu a d6 aja, amadziwa kuti ine ndili ndi 7, masamu ake mwana wa giredi 3 akhoza kuwerengera. Akanatha kutiyambitsa pa levulo 2, akanatha kuuchititsa mzukwawo kulira kaye kapena kutichenjeza kuti chokani, akanatha ngakhale kubweretsa karakita wina wapadera kuti wofa alowenso. Sanafune. Anafuna kuti tione kuti iye ndi katswiri, kuti ife a kuno ku Chipata sitidziwa kanthu, amakamba mobwerezabwereza za magulu ake a ku Lusaka kuti kumeneko anthu salira akafa. Anthu otere alipo ambiri, ngakhale m'gulu muno ndimawaona, munthu watsopano akafunsa funso amamuyankha ngati wapalamula. Mwana womuphunzitsa kusambira sumukankhira mu Luangwa madzi atadzadza kenaka nkumuuza kuti ukanafunsa. Bukulo ine ndilibe nalo mlandu, linatuluka mu 2016 ngati nkhani yoopseza dala, ya mdima, ya dziko la Barovia lomwe ukalowa sutuluka, olikonda amalikondera zomwezo. Koma munthu amene sanadziwe nkomwe kusiyana kwa d8 ndi d10 afunika ayambe wamva kukoma kwa kupambana, mantha abwere pambuyo.

Ndiye inu asisi tengani Lost Mine of Phandelver, ija inabwera mu Starter Set ya 2014. Imayambira levulo 1 mpaka 5, makarakita asanu opangiratu alimo kale, ana sataya sabata kulemba mbiri ya munthu woti afa mawa. Ntchito yoyamba ndi yomveka kwa mwana aliyense wa kuno kum'mawa, kuperekeza ngolo ya ng'ombe yodzaza katundu kupita ku katauni kotchedwa Phandalin, chikochikale chenicheni, palibe chofotokoza zambiri. Akafika kuli anthu oti acheze nawo, kuli zigawenga zovutitsa tauni, kuli mgodi wotayika, aliyense amapezapo chake, wokonda ndewu ndi wokonda kukamba. Koma samalani ndi nkhondo yoyamba yeniyeniyo, magobulini anayi obisala m'tchire pafupi ndi mahatchi awiri akufa pa msewu. Muvi umodzi ndi 1d6 kuonjezapo 2, mivi iwiri wizadi ali pansi. Chotsanipo gobulini mmodzi ngati mukuona kuti anawo asokonezeka, ndipo bukulo lenilenilo limanena kuti akagonja magobuliniwo amangowasiya ali chikomokere nkuwabera katundu, samawapha. Pamenepo ana amadzuka ali ndi mkwiyo, amafuna kukalanda zinthu zawo, masewera apita patsogolo okha.

Ngati holide ndi yaifupi pali Dragons of Stormwreck Isle ya 2022, levulo 1 mpaka 3, imatha msanga. Palinso Dragon of Icespire Peak ya mu Essentials Kit ya 2019, iyo ubwino wake ntchito zake ndi zing'onozing'ono zomata pa bolodi mtauni, ana amasankha okha, tsiku limodzi ntchito imodzi, wina akatumidwa kumunda kapena ku chigayo nkujomba sizionongeka. Mabokosi amenewa kuno kuwapeza nkovuta, mpaka kutuma munthu, koma musadikire bokosi. Basic Rules ya 2014, ya malamulo oyambira, ndi yaulere pa intaneti, muli faita, kileriki, rogue ndi wizadi, zokwanira. Madayisi a Ludo ndi d6 kale, enawo apu ya pa foni imagwira, ngakhale kuti ana amakonda chogwira m'manja.

Kapena lembani yanu, zoona. Ng'ombe za amfumu zabedwa usiku pamudzi wina cha ku Katete, mapazi akulowera kuphiri, kuphanga kuli zipinda zitatu, choyamba msampha, chachiwiri mlonda woti akhoza kunyengereredwa, chachitatu mwini wake wa zonsezo. Tonse tinakula ndi padangokhala, tili tonse, u DM ndi womwewo, kusiyana kwake nkwakuti omvera ndi amene amasankha njira.

Koma pena ndinene, musawalere ngati mazira. Ndaonapo ma DM ena amabisa madayisi kuseri kwa buku nkumanama kuti chilombo chaphonya nthawi zonse, ana sapusa, tsiku lachiwiri amazindikira kuti sangafe ndipo amayamba kusewera ndi mafoni. Ponyani poyera. Akachita zopusa mutawachenjeza kawiri, dayisi ikanena kuti wafa, wafa, musabweze. Mungokhala ndi mapepala awiri apadera m'chikwama, wofayo pasanathe mphindi khumi alowenso ngati mkaidi womangidwa m'chipinda chotsatira kapena wapaulendo wosochera, asakhale pa mpando kuonerera anzake ngati ine. Ndipo akazolowera, akakhala kuti atha miyezi ingapo ndipo akupempha okha zoopsa, apititseni ku Death House ija, ndi nkhani yabwino kwambiri. Ine ndinaiyendetsapo ndekha kwa gulu langa la pano, malaiti tinazimitsa dala, mzukwa wa mlezi sindinauchotse ngakhale pang'ono, ndinangouchititsa kuimba kanyimbo kogonetsa mwana kuseri kwa chitseko ndi kuwauza kuti chogwirira chake chikuzizira ngati ayisi. Mmodzi anatsegulabe, anafa, tonse tinakuwa, pepala lake ndinamupatsa m'manja ndi manja awiri ndipo anatenga lina pomwepo.

Tsiku loyamba musapitirire maola awiri ndi theka, ana amatopa, ndipo malamulo musawawerengere onse poyamba, muziwauza pomwe afunikira. Wofuna wizadi mumuuze poyera kuti ndi wofooka thupi, aziima kumbuyo kwa faita. Ngati muli mtauni muno ndili ndi maseti awiri a madayisi, imodzi ndikhoza kukubwerekani holide yonse pamodzi ndi mapepala opulinta kale, ndilembereni ku inbox tikumane ku msika wa Kapata Lachisanu masana.