Kodi dokotala wa mtima akasiya wodi, wathawa odwala?

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina amene ali m'chaka chomaliza cha maphunziro a udokotala. Dzina lake ndalisunga monga anapemphera. Akuti mtima wake uli pawiri: akufuna kudzakhala katswiri wa matenda a mtima, koma maphunziro a umoyo wa anthu onse, amene kusukulu kwawoko amangowatcha public health, akumukokanso. Bambo ake akuti dokotala weniweni ndi amene amagwira wodwala, zinazo n'zamisonkhano ya kunyanja ndi maalawansi. Ndiye wafunsa kuti, "Kodi alipo amene anayenda njira zonse ziwiri popanda kuoneka ngati wathawa odwala?"

Alipo, achemwali, ndipo amene ndimamuganizira kwambiri ndi Pulofesa K. Srinath Reddy wa ku India.

Reddy anaphunzira udokotala ku Osmania Medical College mumzinda wa Hyderabad, kenako anapita ku AIIMS ku New Delhi, chipatala chachikulu cha boma kumene amatumizako odwala ochokera m'dziko lonselo. Kumeneko anaphunzira za mtima, anagwira ntchito zaka zambirimbiri, mpaka anakhala mkulu wa dipatimenti ya matenda a mtima. Anali dokotala wa nduna yaikulu P. V. Narasimha Rao. Ndatchula zimenezi dala kuti bambo anu amve: munthuyu pa wodi anali atafika pachimake, panalibe choti athawe.

Chimene chinamutembenuza ndi odwala omwewo. Masiku amenewo anthu ambiri, ngakhale akuluakulu a zaumoyo, ankati matenda a mtima ndi a azungu ndi anthu olemera, osauka awo ndi malungo, TB ndi kutsegula m'mimba. Koma dokotala wa mtima wa ku India amaona zosiyana: anthu akumeneko mtima umawagwira akadali aang'ono kuyerekeza ndi a ku Ulaya, ambiri adakali ndi ana akusukulu, ndipo amafika kuchipatala zinthu zitaipa kale. Reddy anapita ku McMaster University ku Canada kukaphunzira kafalidwe ka matenda pakati pa anthu, ndiye kuti luso lowerengera amene akudwala, kumene ali, ndi chimene chikuwadwalitsa. Mu 1998, iye ndi Salim Yusuf, katswiri mnzake wa mtima, analemba nkhani m'magazini ya madokotala ya Circulation yochenjeza kuti mliri wa matenda a mtima ukubwera m'maiko osauka. Lero palibe amene angatsutse.

Apa ndiime pang'ono, chifukwa nkhaniyi kwa ine si ya m'mabuku. Azakhali anga anali ndi BP. Ndinali kuwaperekeza kuchipatala chaching'ono cha kwathu, buku lawo la kuchipatala litakulungidwa m'kajumbo kuti lisanyowe. Miyezi iwiri yotsatizana anatilembera mankhwala, koma pazenera anatibweza kuti atha, tikagule. Azakhali anati mutu sukuwawa, ndalamayo agulire feteleza. Tsiku lina m'mawa kapu ya tiyi inawapulumuka m'manja, kamwa linakhota, mbali yakumanja inafa. Madokotala a chipatala chachikulu anawasamalira bwino, ndipo sindidzaiwala. Koma chimene chikanawapulumutsa chinali kapilitsi kotchipa kamene kanasowa pashelefu, ndipo kuonetsetsa kuti kapilitsiko kalipo ndi ntchito ya munthu amene sanawaonepo azakhali anga. Kafukufuku wa zaumoyo wotchedwa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi Mmalawi wamkulu mmodzi mwa atatu alionse ali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sadziwa n'komwe. Madokotala a mtima tikanakhala nawo ngakhale mazana, anthu onsewa sangawaone mmodzimmodzi.

Reddy anayambira pa fodya, ndipo apa ndi pamene nkhani yake imatikhudza ife pachilonda. Ku India fodya amasuta komanso amatafuna. Alipo wa bidi, wopichira m'tsamba, wotchipa ngati chingambwe chathu, ndipo ndi amene osauka amasuta. Reddy anali m'gulu loimira India pa zokambirana za pangano la dziko lonse lochepetsa fodya la FCTC, limene maiko a m'bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO anavomereza mu 2003 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2005. M'chaka chomwecho cha 2003, WHO inamupatsa mphoto chifukwa cha ntchitoyi. Ife kuno tinalowa m'panganoli mu 2023, patapita zaka makumi awiri, ndipo chifukwa chake tonse tikuchidziwa: fodya ndiye waphunzitsa ana ambiri, mwina ngakhale ena a m'kalasi mwanu. Ndikunena izi kuti mudziwiretu kuti ntchitoyi ili ndi adani, ndipo ena mwa otsutsa ali ndi zifukwa zomveka zimene muyenera kuzimvetsera.

Mu 2006 anasiya mpando wake ku AIIMS n'kukhala mtsogoleri woyamba wa Public Health Foundation of India, ndipo anautsogolera mpaka 2022. Ganizo lake linali lakuti dziko la anthu opitirira biliyoni silingadalire madokotala okha, likufunika anthu ophunzira za umoyo wa anthu onse, choncho bungweli linatsegula masukulu ku Delhi, Gandhinagar, Hyderabad, Bhubaneswar ndi Shillong. Mu 2011 komiti imene ankaitsogolera inapereka lipoti ku boma la India lonena kuti aliyense azilandira chithandizo posayang'ana thumba lake, mankhwala ofunika kwambiri aziperekedwa ulere, ndipo ndalama zimene boma limaika ku zaumoyo zikwere kuchoka pa 1.2 peresenti ya chuma cha dziko kufika pa 2.5 peresenti. Nditawerenga za mankhwala aulerewo, ndinakumbukira zenera lija. Mu 2013 anakhala pulezidenti wa World Heart Federation, bungwe la padziko lonse loona za matenda a mtima, ndipo anaphunzitsaponso ku yunivesite ya Harvard ku America.

Sizinali zosalala ayi. Zambiri za m'lipoti lija boma silinazichite msanga monga komiti inafunira. Mu 2017 boma linaletsa bungwe lake kulandira ndalama zochokera kunja, ndipo chimodzi mwa zifukwa zimene linapereka chinali chakuti linagwiritsa ntchito ndalamazo pokopa aphungu pa nkhani ya fodya. Pa wodi, wodwala akachira amabwera kudzakugwirani chanza, nthawi zina atanyamula nkhuku. Koma ku ntchito ya umoyo wa anthu onse, munthu amene sanafe ziwalo chifukwa cha lamulo limene munalimenyera sadzadziwa dzina lanu, ndipo zipatso mumaziona patapita zaka khumi.

Tsopano maganizo anga, poti mwawafunsa. Musathamangire kuofesi. Bambo anu sakulakwitsa kwenikweni, chifukwa alipodi amene amalowa ntchitoyi pofuna kupuma ku ma call ausiku, ndipo mapulani awo amaonekera kuti sanakhalepo pambali pa bedi. Reddy akamalankhula pamaso pa nduna, ankamumvera chifukwa aliyense ankadziwa kuti manja akewo agwira mitima yambiri. Ngakhale atasamuka, udokotala sanautaye: mu Januwale 2009, pamene nduna yaikulu Manmohan Singh ankachitidwa opaleshoni ya mtima ku AIIMS, Reddy ndiye ankatsogolera gulu la madokotala omuyang'anira.

Choncho malizani internship yanu, nthawi yogwira ntchito moyang'aniridwa mukangomaliza sukulu, mugwireko ntchito pa chipatala cha boma laling'ono zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo ngati mwayi wa maphunziro a mtima utapezeka, mutenge. Koma kuyambira mawa gulani kope. Wodwala aliyense wakufa ziwalo kapena wotupa miyendo chifukwa cha mtima, lembani zaka zake, kumene achokera, ngati anayezedwapo BP, ndi tsiku limene anamwa mankhwala komaliza. Pakatha chaka, tengani kopelo mukakhale pansi ndi bambo anu, muwerengere limodzi kuti ndi angati amene anabwezedwa pazenera. Mukatero mundilemberenso, ndikufuna kudzamva zimene adzanene.