Kuyankha amalume za timagetsi ta kumwamba ndi ma alien

Malume, mwaswera bwanji kumeneko pamodzi ndi onse a pakhomo? Uthenga wanu ndaumva, ndipo ndapempha mlongo wanga kuti mawu angawa awalembenso pagulu pano, chifukwa ena mwa abale bandulo imawathera akamatsegula mawu ataliatali. Mwanena kuti asodzi a usipa kwanuko ku Malindi anaona timagetsi tambiri titandandalikana mumzere kumwamba, tikuyenda mopanda phokoso, ndipo adzukulu anu amene amakonda mafilimu akuumirira kuti amenewo ndi ma alien, kutanthauza zolengedwa zochokera ku mapulaneti ena. Ndiye mukufuna kudziwa ngati zolengedwa zimenezi zilikodi, komanso ngati n'zoona kuti azungu anazigwira kale koma akubisa.

Za timagetsito musade nkhawa. Malinga ndi mmene mwafotokozera, amenewo ndi masetilaiti a Starlink, amene kampani ya SpaceX yakhala ikutumiza kumwamba kuyambira mu 2019 kuti azipereka intaneti. Roketi imodzi imanyamula ambiri nthawi imodzi, ndipo m'masiku oyamba amayenda motsatizana asanabalalikire m'njira zawo. Amaoneka dzuwa litangolowa kapena m'bandakucha, chifukwa kumtunda kumene ali kuwala kwa dzuwa kumawafikabe pamene ife pansi pano tili mumdima.

Nkhani ya ma alien ndi imene ndikufuna tiione bwino, chifukwa pali zinthu ziwiri zimene anthu amaziphatikiza pamene sizofanana n'komwe: zimene olemba nthano ndi opanga mafilimu amapeka, ndi ntchito imene asayansi akugwira yofufuza ngati kwinakwake kuli zamoyo zanzeru.

Zopekazo zinayambira pa kulakwitsa kwa anthu ophunzira. Mu 1877 katswiri wa zakuthambo wa ku Italy, Giovanni Schiaparelli, ananena kuti akuona mizere pa pulaneti ya Mars. Munthu wina wolemera wa ku America, Percival Lowell, anamanga malo oonera nyenyezi ku Flagstaff mu 1894, n'kuyamba kuphunzitsa kuti mizereyo ndi ngalande zimene zolengedwa zanzeru zinakumba pofuna kutengera madzi kumadera ouma. Anthu ambiri anakhulupirira. Pa nthawi imeneyo ndi pamene H. G. Wells analemba buku lotchedwa The War of the Worlds, limene linatuluka mu 1898, lonena za zolengedwa za ku Mars zikuthira nkhondo dziko la England. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti kumayambiriro kwa bukulo wolembayo akukumbutsa owerenga ake zimene anthu a ku Ulaya anachitira eni nthaka a pachilumba cha Tasmania, amene anatsala pang'ono kutheratu. Iye ankafuna kuti Angerezi alawe m'maganizo mmene zimawawira alendo a zida zamphamvu akatulukira pagombe n'kulanda dziko, ndipo analemba zimenezi zaka zochepa chabe kuchokera pamene Angerezi omwewo anamanga Fort Johnston kuno kwathu ku Mangochi mu 1891. Ine ndikaona filimu ya ma alien obwera kudzalanda dziko, ndimaona mantha a anthu amene akudziwa zimene makolo awo anachitira anzawo. Koma ngalande za Lowell kunalibe. Chombo cha Mariner 4 chitadutsa pafupi ndi Mars mu 1965, zithunzi zinaonetsa chipululu cha maenje okhaokha.

Muwafunsenso adzukuluwo chifukwa chake pafupifupi ma alien onse a m'mafilimu ali ndi mutu umodzi, maso awiri, manja awiri, ndipo amayenda choimirira. Yankho lake ndi losavuta: kwa zaka zambiri amene ankasewera anali munthu wovala chigoba, ndipo ngakhale lero pamene amajambula ndi kompyuta, woonera amafuna nkhope imene angaiwerenge kuti yakwiya kapena yamva chisoni. Palibe lamulo la chilengedwe lonena kuti chamoyo cha kutali chiyenera kufanana ndi ife.

Tsono ntchito ya asayansi yofufuza zamoyo zanzeru ija, imene imatchedwa SETI, ilibe mpikisano wa zombo kapena kuwomberana. Ndi ntchito yomvetsera, ndipo nthawi zambiri ndi yotopetsa. Mu 1959 asayansi awiri, Giuseppe Cocconi ndi Philip Morrison, analemba kuti ngati kuli ena anzeru amene akufuna kulankhula ndi anzawo a kutali, njira yotsika mtengo ndi mafunde a wailesi, ndipo malo abwino otchera khutu ndi pa 1420 MHz, pamene mpweya wa haidirojeni umamvekera mwachilengedwe. Anasankha pamenepo chifukwa haidirojeni ndiye wochuluka kuposa china chilichonse m'chilengedwe, choncho aliyense amene waphunzira zakuthambo, kaya ali kuti, ayenera kupadziwa. Chaka chotsatira, mu 1960, wasayansi Frank Drake analozetsa dishi yomvetsera mafunde a wailesi ya mamita 26 ya ku Green Bank, ku America, ku nyenyezi ziwiri zapafupi, Tau Ceti ndi Epsilon Eridani, koma sanamve uthenga uliwonse. Kuchokera nthawi imeneyo mpaka lero palibe chizindikiro chimene chatsimikizika kuti chinachokera kwa zamoyo zanzeru. Limeneli ndilo yankho lachidule la funso lanu.

Chimene chimandichititsa kuwakhulupirira anthu amenewa ndi mmene amachitira akamva chinthu chachilendo. Mu 1967 Jocelyn Bell, amene anali wophunzira ku Cambridge, anaona pa pepala la makina ake chizindikiro chobwerezabwereza pakangopita sekondi imodzi ndi kachigawo, mosaphonya, moti iye ndi anzake mwanthabwala anachitcha LGM-1, kutanthauza tianthu tobiriwira ta m'nthano. Sanathamangire kunyuzipepala. Anafufuzabe mpaka anapeza china chotero mbali ina ya thambo, ndipo zinadziwika kuti ndi nyenyezi zakufa zimene zimazungulira mofulumira kwambiri, zotchedwa pulsar. Pa 15 August 1977 makina a Big Ear a ku Ohio anajambula chizindikiro champhamvu chimene chinamveka masekondi 72, ndipo wasayansi Jerry Ehman atachiona pa pepala anachizunguliza ndi cholembera chofiira n'kulemba pambali kuti "Wow!". Anthu akhala akulozetsanso makina awo malo omwewo kwa zaka zambiri, koma sichinamvekenso, ndipo popeza sichinabwereze, asayansi sachiwerengera ngati umboni. Nkhani imene imandiseketsa ndi ya ku Parkes ku Australia, kumene akatswiri anavutika kwa zaka ndi zizindikiro zosadziwika zimene zinkakonda kumveka nthawi ya nkhomaliro. Mu 2015 anatulukira kuti zinkachokera ku microwave ya pamalopo, pamene wantchito wanjala watsegula chitseko chake isanazime. Analemba zimenezi poyera, osachita manyazi. Makina omvetsera a ku Parkes omwewo anajambulanso mu 2019 chizindikiro chimene chinkaoneka ngati chikuchokera ku Proxima Centauri, nyenyezi yoyandikana kwambiri ndi dzuwa lathu, ndipo atachipenda mokwanira analengeza mu 2021 kuti chinachokera ku zipangizo za anthu pansi pompano.

Apa ndi pamene nkhani ya kubisa imagwera. Munthu amene angatsimikize kuti wamva uthenga wa zamoyo zina adzatchuka kuposa wasayansi wina aliyense m'mbiri, ndiye palibe chifukwa choti akhale chete. Komanso chizindikiro sichivomerezedwa mpaka makina a m'maiko ena atachimva, ndipo makina oterowo sali m'manja mwa dziko limodzi. China ili ndi dishi yaikulu ya mamita 500 yotchedwa FAST, ndipo ku South Africa, m'dera louma la Karoo, kuli madishi 64 a MeerKAT amene anatsegulidwa mu 2018, omwe akuthandizanso pa ntchito yomvetsera uthenga wa zamoyo zina yotchedwa Breakthrough Listen, imene munthu wina wolemera, Yuri Milner, anaikapo madola 100 miliyoni mu 2015. Maiko amene amakangana pa malonda ndi pa zida sangagwirizane kusunga chinsinsi chotero. Nkhani yoti mu 1947 chombo cha ma alien chinagwa pafupi ndi tauni ya Roswell ku America, imene imayenda kwambiri pa Facebook, asilikali a ndege a ku America anaifotokoza mu 1994 kuti zimene zinagwazo zinali zidutswa za chibaluni cha ntchito yachinsinsi yotchedwa Project Mogul, yomvetsera ngati Soviet Union ikuyesa mabomba. Chinsinsi chinalipo, koma chinali cha nkhondo za anthu.

Komabe sindikunena kuti kumwambaku kulibe kanthu. Mlalang'amba wathu wokha uli ndi nyenyezi zoposa 100 biliyoni. Mu 1995 Michel Mayor ndi Didier Queloz anapeza pulaneti yoyamba yozungulira nyenyezi yofanana ndi dzuwa lathu, ndipo lero mapulaneti otsimikizika a kunja kwa dzuwa lathu apitirira 5,000. Poyerekeza ndi kukula kumeneku, gawo limene tamvetsera ndi laling'ono zedi. Jill Tarter, mayi amene anatsogolera ntchitoyi kwa zaka zambiri, ankaliyerekeza ndi kapu imodzi ya madzi yotungidwa m'nyanja yamchere. Inuyo malume mukatunga ndowa imodzi pagombe la Malindi n'kupeza kuti mulibe chambo, simungauze anthu kuti m'nyanja yonse mulibe nsomba. Mungangonena kuti m'ndowayo mulibe.

Vuto lalikulu ndi mtunda, ndipo mafilimu amaulumpha ngati si kanthu. Kuwala kumayenda makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, koma kuti kuchoke ku Proxima Centauri kufika kuno kumatenga zaka zoposa 4. Chombo cha Voyager 1, chimene chinanyamuka mu 1977 ndipo chili kutali kuposa chinthu china chilichonse chopangidwa ndi munthu, chimayenda makilomita pafupifupi 17 pa sekondi, ndipo pa liwiro limenelo mtunda wofanana ndi umenewo chingaumalize patatha zaka zoposa 70,000. Uthenga umene anauwulutsa kuchokera pa dishi yaikulu ya ku Arecibo, pachilumba cha Puerto Rico, mu 1974 anaulozetsa ku gulu la nyenyezi lotchedwa M13, kumene udzafike patatha zaka pafupifupi 25,000. N'chifukwa chake ine ndimaona kuti n'kosavuta kukhulupirira kuti tsiku lina tingadzamve chizindikiro, kusiyana n'kukhulupirira kuti wina anayenda ulendo wonsewo n'kungodzaonekera kwa asodzi usiku umodzi, osasiya ngakhale kachitsulo. Pa Voyager pomwepo pali kanthu kamene adzukulu anu angakondwere nako: chombocho chinanyamula chimbale chokutidwa ndi golide chokhala ndi moni m'zilankhulo 55, ndipo chimodzi mwa izo ndi Chinyanja, mmene munthu akufunsa anthu a kumwamba kuti ali bwanji.

Za mmene nkhaniyi ikukhudzira chikhulupiriro ndizisiya kwa ashehe ndi abusa, poti pabanja pathu tili mbali zonse ziwiri. Maganizo anga ndi akuti ngati tidzapeze moyo kunja kwa dziko lino ife tikali ndi moyo, sudzakhala wa zombo ndi mfuti, koma tizilombo tosaoneka ndi maso, kapena zizindikiro zakuti tinaliko kalekale. Galimoto ya Perseverance inatera pa Mars mu February 2021 pamalo otchedwa Jezero, amene kale anali nyanja yolandira madzi a mtsinje, ndipo ikuboola miyala n'kusunga zidutswa zake kuti zidzapimidwe. Chombo china, Europa Clipper, chinanyamuka mu October 2024 kupita ku Europa, mwezi wa pulaneti ya Jupiter, kumene asayansi akukhulupirira kuti pansi pa madzi oundana pali nyanja yaikulu yamchere, ndipo chikuyembekezeka kufika mu 2030. Mundiperekere moni kwa azakhali, ndipo ana akakhala ndi mafunso ena, aike pagulu pano ndidzayankha Loweruka.